Tsiku Limene Bambo Anamasulira Filimu

Loweruka, Novembala. Kunja kukuzizira koopsa, koma ine nthiti zikuwawa ndi kuseka.

Bambo atha milungu itatu chibwerereni kuchokera ku Balaka, koma sanachezepo bwinobwino ndi mwana wanga Tadala. Iwo Chingerezi chimawavuta, iye Chichewa chake chimathera pa "ndili bwino." Zakhala zikundiwawa.

Masana ndinapita nawo onse awiri kulaibulale kuno ku Scarborough, komwe amaonetsa kafilimu kakalekale kopanda mawu. Mufilimumo wopenta wina wasenza makwerero paphewa, ndipo akangotembenuka, amagwetsera wapolisi m'chidebe cha penti. Muholo munkangomveka piyano.

Bambo sanapirire. "Kodi womasulira sanabwere?" Kumudzi anazolowera mafilimu a m'mavidiyo, oikidwa mawu a Chichewa. Basi anayamba okha, mokweza: "Pepani bwana, sindinakuoneni! Iwe, chipewa cha boma ichi!"

Manyazi anandigwira. Ndinawakodola. "Bambo, kuno sachita choncho." Poyang'ana Tadala, wagwira pamimba, misozi ili mbwembwembwe ndi kuseka. Azungu a kutsogolo kwathu nawonso ankaseka, osamva n'liwu limodzi lomwe.

Wapolisi atagwa kachitatu, Bambo anali akukoka mpweya. Tadala ndiye anakuwa: "Pepani bwana!" Lilime lokhota, koma Chichewa ndithu.

M'basi anakhalira limodzi, ine ndekha kumbuyo. Panopa ali pabalaza, azimitsa mawu a TV, ndipo ndikumva Tadala akufunsa, "Agogo, uyu akuti chiyani?"

Ndimafuna kulemba zambiri, koma akundiitana. Akuti wapolisi ndikhale ine…