Yotamu Anaimbira Mipando ku Kabulonga

Okondedwa asisi Mailesi,

Muli bwanji ku Kitwe? Kuno ku Kabwata tili bwino, chifuwa cha amayi chachepa.

Loweruka mlongo wathu Yotamu anakaimba paukwati ku Kabulonga. Mukumudziwa, amaimba motsitsa mawu, maso ali chitsekere. Ali pakati pa nyimbo yake ija ya mvula, wina analengeza kuti chakudya chapsa. Onse anathamangira nkhuku. Potsegula maso anapeza mipando ndi ine ndekha. Kenako mwini ukwati anamuuza kuti, “Iwe, nyimbo zako n’za pamaliro, ife tifuna rumba.”

Gitala waikankhira kunsi kwa bedi. Mukamamulembera musamuuzenso zofuna ntchito, mumutumizire nsambo zatsopano. Maliro akadzawagwera a ku Kabulongawo, adzamufuna okha.

Mulungu akusungeni.

Ndine mng’ono wanu,
Tisa