Wolumikiza Mawaya Akwere Nawo

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wanga kuchokera kuno kutali. Kodi mukudzuka bwanji masiku ano? Nanga bondo lija lapola, kapena mukungolikakamiza monga mwa chizolowezi chanu? Achimwene akuti mankhwala mumamwa pokhapokha iwo akakuimirirani. Ine ndili bwino, kungoti zala zadzaza timabala, ndipo mpopi wa m'nyumba muno ukudonthabe ngakhale eni nyumba analonjeza kalekale kuukonza.

Ndalemba m'malo moimba foni chifukwa pa foni mumandidula mawu ndisanafike pamene pagona nkhani.

Kuntchito andipatsa ndege yoti ndiigwire ndekha kwa nthawi yoyamba. Musaganize zikuluzikulu zija mumaziona m'mitambo. Aka ndi kandege ka mipando inayi, kobadwa ine ndisanabadwe. Eni ake ndi bambo ena achikulire amene tonse timawatcha Achipewa, poti chipewa chawo savula ngakhale pansi pa denga. Amakwera kukaona mwana wawo wamkazi ndi zidzukulu kuseri kwa mapiri. Mwezi wathawu nkhungu inawatsekera njira, ndipo kachipangizo kolozera njira, kamene timati jipiesi, kanazima ali m'mwamba momwemo. Mwamwayi anatera bwino. Mwana wawo wawaletsa kubweranso ndi ndegeyo mpaka aikemo katsopano.

Kuika katsopanoko ndiyo ntchito yanga. Mukanandiona mukanaseka mpaka misozi. Ndimagona chagada, mutu pansi pa chiwongolero, miyendo pampando, tochi kukamwa. Mawaya akale auma ngati udzu wa m'chilimwe, ukangowakhudza chikopa chake chimathetheka. Katsopanoko sikanakwane pabowo la kakale, ndiye ndinachita kudula chitsulo china n'kuchipala. Eriyo ya padenga ndinasinthanso. Waya aliyense ndamumata chizindikiro mbali zonse ziwiri, ndipo ndamukoka ndi zala kuti ndimve ngati wagwira. Achipewa amabwera m'shedi yokonzeramo ndege tsiku ndi tsiku, n'kumafunsa ngati zidzukulu zawo zidzawaone zisanamere ndevu. Ndimawayankha kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, iwo n'kuchoka akung'ung'udza.

Dzana tinakankhira ndegeyo panja, poti m'shedi malata amatchinga mauthenga amene kachipangizoko kamalandira kuchokera kumwamba. Nditakayatsa, galasi lake linawala, kadontho n'kuonekera pa mapu pamalo penipeni pamene tinaima. Mtima wanga unachita kuvina, Amayi.

Tsono nkhani ndi iyi. M'shedi mwathu muli lamulo losalembedwa: wolumikiza mawaya ndiye amakwera nawo pa ulendo woyesa. Akapitawo athu amati wophika ayenera kulawa yekha asanapatse mlendo. Si mwambo wongovutitsa anthu ayi. Waya wosagwira bwino amabisala ndege ili pansi, amadzaonekera injini ikayamba kugwedeza chilichonse kapena wailesi ikamalankhula, ndipo amene angamudziwe msanga ndi amene anamuika. Ulendowo awuika Loweruka la sabata ya mawa.

Ndikudziwa zimene mwakumbukira. Tsiku limene ndinkanyamuka munandigwira dzanja pakhomo, n'kundilonjezetsa kuti ndizikonza ndegezo koma mapazi anga asadzachoke pansi. Ndinavomera chifukwa maliro a bambo anali asanazizire, ndipo sindinafune kuti msewu utatilanda mmodzi, inu muziopanso mlengalenga. Lonjezolo ndalisunga mpaka lero. Anzanga amandiseka kuti ndine nkhuku yolera ana a mphamba.

Ndinawafotokozera akapitawo zonsezi. Sanandinyoze. Anati ngati sindikwera, mnzanga wina amasula zonse ndalumikizazi n'kuyambiranso, chifukwa palibe amene angakwere pa mawaya amene mwini wake akuwaopa. Anawonjeza kuti ine ndibwerera pa benchi kukasenda mawaya a anthu ena, ndipo ndege yanga sindidzapatsidwanso. Achipewa atamva anangovula chipewa chija, koyamba chiwadziwireni, n'kufunsa ngati ndingawalole kukwera pamene ine ndikukana kukhalapo.

Amayi, ndikwera. Mantha ndili nawo, sindikubisirani. Koma ntchito ya manja angayi ndikuidziwa, ndipo sindingatumize nkhalamba kukadutsa m'nkhungu pa chinthu chimene ine ndachithawa. Ndikanatha kukwera mwakachetechete inu osadziwa, koma simunandilere choncho. Pempho langa ndi limodzi lokha: mundimasule pa lonjezo lija ndi pakamwa panu. Muwauze achimwene andiimbire, inu mungonena mawu amodzi, kenaka mundikalipire mmene mungafunire.

Mwina munadabwa sabata yatha kuona achimwene ataima pakati pa bwalo, pafupi ndi chingwe choyanikira zovala, foni ili m'mwamba ngati akuitana mvula. Ndinawatuma ndine kuti anditumizire manambala a malo amenewo. Kachipangizo katsopano kamafuna kuti ukapatse malo amodzi poyesa, ndipo anzanga amaika bwalo la ndege lililonse limene lawabwerera m'mutu. Ine ndinaika bwalo lanu. Pagalasi panatuluka kamuvi kofiirira, ndipo titaitembenuza ndege uku ndi uku, kamuviko kanakana kusocheretsedwa, kanangolozabe kwanu. Kufika sitingafike, mafuta ake sangakwane ngakhale theka la njira. Koma Loweruka ndikadzakhala m'mwamba, maso anga adzakhala pa kamuvi kameneko, ndipo ndikufuna ndidzadziwe kuti kumene kakulozako kuli munthu amene wandilola.

Mundiperekere moni kwa achimwene ndi alamu, azakhali, ndi adzukulu anu onse. Amalume muwauze nkhaniyi Loweruka litadutsa, apo ayi mudzi wonse udzagona panja kuyang'ana kumwamba. Mankhwala muzimwa popanda wokuimirirani.

Foni yanga ikhala m'thumba la ovolosi, yosazima.

Ndine mwana wanu,
Chitsirizira wa mawaya