Mafuta a Nsatsi ndi Khungu la Malita

Amai, kwacha bwanji kumene muliko? Kodi mawondo aja anasiya kuwawa?

Ndine Esinati. Ndili bwino, ngakhale mukundidziwa kuti mtima wanga sukhala pansi. Kalatayi ndailemba kawili. Yoyamba ndinang'amba chifukwa ndinayambila nkhani yoipa, pamene inu munkadana ndi munthu wotula mavuto pakhomo asanapeleke moni. Ndiye ndiyambe ndi zabwino.

Dzinja lachiwili latha chikuikileni m'manda. Nshawa zabeleka kwambili kumunda wanu wa pachulu uja, mpaka zikhatho zatupa ndi kuswa. Chimanga ndiye chachepa, poti feteleza anafika kudepoti chitamasula kale. Nkhokwe yanu inapendekeka. Atate ake a Malita anaichilikiza ndi mtengo ndipo akuti yalimba, koma ine m'mawa ulionse ndimakaikankha ndi dzanja kuti ndione ndekha. Mbuzi yanu yamawanga yaswa ana awili.

Yaikulu ndi iyi. Malita, mdzukulu wanu amene munamusiya atangokwatiwa ndi a Mumba ogwila nchito ku Kitwe, ali ndi mwana wamkazi. Anabwela kudzachilila kuno ku Msanzala, ndipo anachila bwino. Mwanayo tamupatsa dzina lanu. Akamva njala amakwinya chipumi ngati mmene munkachitila munthu akathila mchele wambili m'ndiwo.

Tsopano ndikuuzeni zinazo.

Mwana ali ndi miyezi iwili, kunabwela kalata ya a Mumba yonena kuti adzabwela tikatha kukolola kudzatenga mkazi ndi mwana. Ndinkayesa Malita avina. Iye anangoipinda kalatayo. Anasiya kupita kumtsinje ndi anzake, n'kumasamba yekha kubafa. Kenaka anapempha kukaona azakhali ake ku Nyimba. Anabwelako ndi nthochi, komanso kanthu kena kokulunga m'nsalu pansi pa chikwama. Ndinakaona, koma sindinafunse. Pamenepo ndinalakwa.

Patapita masabata atatu masaya ake anayamba kuyela mwachilendo, pamene makutu ndi khosi zinali zakuda monga kale. Akadutsa ankamveka fungo la mankhwala. Kenaka anayamba kuyenda motangadza, ndipo pokhala pamphasa ankaluma mano. Tsiku lina ali kudimba ndinatsegula chikwama chake. Ndikudziwa kuti si ulemu, Amai, koma ndinatsegula. Munali kabotolo ka mafuta oyela ndi sopo wotuwa, zolembedwa m'chinenelo chimene si Chingelezi. Mukudziwa mmene sopo akusowela zaka zino, kuti timaima pamzele kusitolo yaboma dzuwa lonse n'kubwelako chimanjamanja. Ndiye pasiteji ya basi ku Nyimba pali mai wina amene amagulitsa sopo ndi mafuta ochokela kunja, akuti ku Zaire, atazibisa pansi pa nthochi.

Nditamufunsa analila, kenaka ananena zonse. Akuti chibelekele mwana, nchafu zake ndi kumbuyo kunatuluka timaenje, khungu lili ngati mchenga umene madontho a mvula yoyamba agwelapo. Akuti ku Kitwe akazi a m'mayadi ndi osalala ndi oyela, ndipo amaseka akazi ochokela kumudzi akamachapa pampopi. Ankaopa kuti a Mumba akadzamuona adzayamba kuyang'ana kwina. Mai wa ku Nyimba uja anamuuza kuti apake mafutawo mochindikala, akulunge nchafu ndi mapulasitiki a shuga kuti mankhwala alowe, timaenje tisungunuke, ndipo otsala apake kumaso.

Atandionetsa, ndinangokhala pansi pomwepo. Khungu linali lofiila, lamatuza, mwina mosendeka ndi motuluka madzi, ngati wathilidwa phala lotentha. Mwana wanga ankayenda ndi zilonda zotele, akutunga madzi ndi kuyamwitsa, osanena kanthu.

M'mawa mwake tinapita kuchipatala. Anesi anagwila sopo uja ndi pepala, osati ndi dzanja. Anatiuza kuti sopo ndi mafuta ambili oyeletsa khungu ali ndi poizoni, ndipo ena amaikamo madzi onyezimila aja amene ali m'kagalasi kopimila kutentha kwa thupi. Akuti amalowa pakhungu, kupita m'magazi, mpaka kumkaka wa mwana. Ndinakumbuka atate akusimba za madzi olemela ogwilila golide kumgodi wa Sasare, amene amathawa ukafuna kuwatola. Ndinachita mantha poganiza kuti chinthu choumilizila golide kutuluka m'mwala, mwana wanga wadzola kumaso. Anesi anapima khandalo n'kunena kuti lili bwino. Anatipatsa mankhwala, n'kuti tizitsuka zilonda ndi madzi owilitsa atazizila, ndipo tisapakepo mafuta alionse mpaka zitapola. Zikapola, mafuta wamba opanda fungo. Za timaenje tija anesi anaseka. Anati si matenda, ndi mafuta a m'thupi chabe amene amakhala pansi pa khungu la akazi ambili, ndipo palibe botolo lowachotsa. Kuyenda, kugwila nchito, ndiwo zamasamba, kumwa madzi ndi kusisita ndiko kumawachepetsako.

Ine ndinamva. Malita sanamve. Pobwela anandiuza kuti ndilembele a Mumba asabwele, chifukwa sangaonekele kwa mwamuna ali chonchi. Ndipo patapita masiku ndinapeza kachidutswa ka sopo uja katasomekedwa m'udzu wa denga la bafa. Sindinakachotse. Ndinaona kuti ndikakataya ine, adzapita ku Nyimba kukagula wina. Tsiku lililonse ndinkakayeza ndi chala kuona ngati kachepa. Kalata yopita kwa a Mumba sindinalembe, koma pepala ndinali nalo.

Zilonda zitayamba kuuma khungu linkakokana ndi kuyabwa, ndipo m'sitolo munalibe mafuta odzola. Apa m'pamene ndinakumbuka mafuta anu a nsatsi. Ndichite manyazi, Amai: zaka zonse munkayenga ndili pomwepo, sindinaphunzile, poti ndinkati ndi zachikale ndipo zimanunkha. Pabwinja la nyumba yanu nsatsi zinamela zokha, zazitali kuposa munthu. Ndinathyola, kuyanika mpaka zitathetheka, kupeta, n'kusankha imodziimodzi. Ulendo woyamba ndinazipseleza pokazinga, mafuta anatuluka akuda onunkha utsi. Wachiwili ndinasinja bwino, n'kuika m'madzi pamoto, koma ndinkavundula kosalekeza chifukwa cha mantha, ndipo panangotuluka phala. Ndinakhala pamwala misozi ili m'maso. Pomwepo mawu anu anabwela monga munkanenela ndikamazungulila pamoto: "Iwe Esinati, mphika suopa maso ako. Choka apo, kasese pabwalo."

Ulendo wachitatu ndinachepetsa moto n'kukasesa. Ndinasesa bwalo lonse, ndi kuseli komwe kunali kosesa kale. Pobwela, Amai! Pamwamba pa madzi panali timaso ta mafuta, tachikasu, tikuyandama n'kumakumana, tiwili kukhala kamodzi, mpaka pamwamba ponse panangoti mbee. Ndinagwada osadziwa kuti ndagwada. Njele zamawanga zija zooneka ngati nkhupakupa, zimene mbuzi ikadya imafa, m'kati mwake munabisala chinthu chofewa chotele. Ndani anayamba kudziwa kuti moto ndi madzi zingalekanitse mafuta ndi ululu? Ndinayengula ndi nthenga ya nkhuku monga munkachitila, n'kuwatenthetsanso pang'ono kuti madzi athe. Zotsalila ndinakwilila m'dzenje lofika m'chigongono, n'kuikapo mwala chifukwa cha mbuzi zanu. Ndinayamba ndadzola ndekha pamkono masiku awili ndisanamupake Malita.

Tsiku lina masana tili kubafa, ndikumusisita, Malita anayambanso kulila. Ankafunsa kuti walakwa chiyani kuti thupi lake lokha lionongeke chonchi, pamene akazi ena amabeleka ana asanu osasintha. Ndinamuyang'ana, ndipo ndinazindikila chinthu chimene sindinaganizepo. Mwana uyu anakulila kusukulu yogonela komweko, n'kukwatiwa kutauni, ndipo chikhalile sanaonepo thupi la mkazi wamkulu. Inu munandiphunzitsa kuti mwana saona nchafu za make, ndipo ndinasunga zimenezo bwino lomwe, mwina mopitilila.

Mundikhululukile. Ndinamasula chitenje.

Timaenje tanga ndi tambili kuposa take, mpaka kumawondo. Ndipo anaonanso mphini zija za kunchafu yakumanzele, mizele itatu yokha, zimene munayamba kunditema ndili namwali ine n'kuthawa chifukwa cha ululu ndi kuopa aphunzitsi a kumishoni. Zaka zonsezi ndinkachita nazo manyazi, pena kuti zilipo, pena kuti sizinathe. Ndinamuuza za zanu, zimene ndinaziona kamodzi kokha mukudwala: nchafu zonse ziwili, pamimba ndi kumsana, mizele yoongoka ngati ya wolima ndi chingwe. Ndinamuuzanso zimene munandikalipila tsiku ndinathawalo: "Thupi losalala ndi la mlamba. Dzanja la mwamuna lizipeza pogwila."

Malita anakhala kukamwa kuli yasa. Anatambasula chala n'kukhudza mphini zanga imodziimodzi, ngati akuwelenga. Kenaka anaseka, kuseka kwenikweni mpaka kugwila m'mimba, ndipo mwana anadzuka m'nyumba. Atatha, anaimilila, anasolola kasopo kaja m'denga osandiyang'ana, n'kukaponya m'chimbudzi. Ine ndinatsala ndikumanga chitenje, ndikuganiza kuti inu munapilila lumo ndi makala kuti khungu likhale ndi mabampu, ndipo mdzukulu wanu wapilila moto kuti awachotse. Magazi amodzi, mudzi umodzi. Mpaka lelo zikundizunguza mutu.

Koma chimene chandidabwitsa koposa ndi khungu lenilenilo. Pamene panasendeka panamela lina, lopyapyala, lotuwila ngati chikhatho cha khanda. Ndinkaopa kuti akhala wamawanga moyo wake wonse. Ndiye kuda kunayamba kubwela kokha, kuchokela m'mbali kulowa m'kati, pang'onopang'ono, ndipo ndinkaona kusintha kwake m'mawa ulionse. Sikunapitilile, sikunapelewele. Kunafika pa mtundu wake weniweni wa Malita n'kuima pomwepo. Ndani amauza khungu mtundu wa mwini wake, Amai? Inu muli kufupi ndi amene amadziwa, mundifunsileko.

Sindikunamizani, sizinathe zonse. Pamasaya onse awili patsala zipsela zakuda, ndipo anesi akuti mwina sizidzachoka. Timaenje tachepa chifukwa amapita nane kudimba kawili patsiku ndi ndowa, koma tilipo.

A Mumba anafika dzulo. Uthenga unabwela kuti atsika pamphambano ndi lole ya thonje. Malita anasamba, anadzola mafuta anu, osapaka ufa ulionse kumaso, anabeleka mwana n'kunyamuka yekha dzuwa lili pamutu. Ine ndinamutsata chapatali. Loleyo itaima ndinawaona akutsika ndi sutikesi. Anaiika pansi, n'kuyang'ana nkhope ya mkazi wawo nthawi yaitali. Pamenepo ndinakumbuka kuti ndine mpongozi, sindingaime panjila maso ndi maso ndi mkamwini. Ndinalowa m'tchile kuseli kwa msuku n'kufulatila. Pa moyo wanga wonse sindinalakelakepo kuswa mwambo ngati nthawi imeneyo, koma umodzi ndinali nditaswa kale.

Ndinangomva lole ikupita, kenaka zii. Ndiye mawu a a Mumba chapansipansi, ngati akufunsa. Malita anayankha mawu ochepa. Ndinagwila mtengo. Kenaka ndinamva mwana akulila polandilidwa m'manja achilendo, a Mumba akumunyengelela ndi kanyimbo kosalongosoka, ndi Malita akuwaseka kuti sadziwa kunyamula. Zimene anakambilana sindikudziwa, ndipo sindidzafunsa. Podutsa pamtengo wanga mapazi anaima. A Mumba anatsokomola, n'kupeleka moni kwa msuku mwaulemu wonse, atayang'ana kumbali. Anati afika bwino, ndipo athokoza powasungila anthu awo awili. Ndinaomba m'manja ndili m'udzu momwemo.

Adzanyamuka Loweluka onse atatu. Ndayamba kale kuda nkhawa ndi basi, koma zimenezo ndi zanga.

Mupeleke moni kwa atate. Ndimakusowani tsiku lililonse, makamaka kukalipa kwanu. Ndipo ndikulonjeza kuti kamwana ka dzina lanuka kakadzayamba kumela mabele, Mulungu akandisunga, ndidzapita nako kumtsinje masana, tikasambe pamodzi ndi akazi onse a m'mudzi, kadzaone ndi maso ake mmene akazi akwathu alili.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati