Chidindo cha Alamu Anga Velko

Lolemba, 7 Okutobala

Boma lagwanso. Kachitatu chaka chino. Tinamvera pa wailesi ya m'fakitale yathu yosoka nsapato, makina akulira, nsapato zili m'manja. Bwana Ferruccio, Mtaliyana wathu, anaizimitsa n'kundifunsa, "Tsvetana, dziko lanuli akuliyendetsa ndani lero?" Ndinaseka, iye ayi. Zaka khumi ndi chimodzi ndili kapitawo wake, nkhope yotere sindinaionepo.

Lachitatu, 9 Okutobala

Lisanagwe, boma lija linatisiyira lamulo: fakitale iliyonse ya mlendo ikatengenso chilolezo kukhonsolo. Wodinda wake? Velko. Mwamuna wa mng'ono wanga Zlatka.

Wabwera lero ndi tepi, kuyeza zitseko, kuwerenga mawindo. Potuluka wandinong'oneza: "Alamu, muwauze abwana anuwo kuti mlendo sadya yekha. Andilowetse m'bizinesiyi, theka kwa theka, chidindo chituluka mawa." Munthu amene ndinamuphikira banitsa, zitumbuwa zathu za tchizi, paukwati wake mpaka msana kuuma!

Lachisanu, 11 Okutobala

Ferruccio wakana. Chilolezo palibe. Akuti zitseko n'zopapatiza.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Malole atatu pageti. Makina abwino onse akupita ku Albania. Ferruccio anatisonkhanitsa tonse makumi anayi, chipewa chili m'manja. "Lamulo lovuta ndingalitsate," anatero. "Koma losintha mwezi ndi mwezi, ndalephera."

Nevena, amene akudwazika mwamuna wake, analira mpaka kukhala pansi. Ine msozi ngakhale umodzi. Ndinangoluma mano. V. adzandidziwa.

Lamulungu, 20 Okutobala

Nkhomaliro kwa Zlatka. Kani V. watenga kale nyumba ya fakitale, ndi makina akale amene anatsala. Chilolezo chake chatuluka tsiku limodzi. Zitseko zomwe zija!

Akundithirira rakiya, kachasu wathu uja, mano onse panja: "Alamu, azimayi a m'fakitale aja amamvera inu, mukawaitane. Pa 28 kukubwera mayi wa ku Austria, akufuna kuikamo ndalama. Adzapeze makina onse akulira."

"Musadandaule alamu," ndinatero. "Mipando idzadzaza."

Zlatka anandifinya dzanja pondithokoza. Sindinamuyang'ane. Rakiya inatsika bwino.

Lachinayi, 24 Okutobala

Masiku anayi khomo ndi khomo, mapazi atupa. Mawu amodzi: Lolemba aliyense akhale kwake. Ambiri avomera ndisanamalize n'kulankhula komwe. Nevena yekha ndiye anandivuta. "Nanga ikakhala ntchito yeniyeni, amayi Tsvetana? Mankhwala a bambo atsala a sabata." Ndinamuuza kuti wakuba fakitale sangalephere kumubera iye malipiro. Anagwedeza mutu kuvomera.

Ndikufuna V. aime pakati pa mipando yopanda anthu, amve mmene zimawawira.

Lolemba, 28 Okutobala

Ndinakhala pamalo omwera khofi kutsidya kwa msewu, pawindo penipeni. V. ali pageti, suti yatsopano, maluwa m'manja. Seveni koloko, zii. Eyiti, zii. Foni ikunjenjemera m'chikwama changa, V. akundiimbira, kasanu ndi kanayi. Ndinaitanitsa khofi wina.

Mayi wa ku Austria analowa ndi womasulira wake. Mphindi khumi sizinakwane, anatuluka. V. pambuyo, akuloza uku ndi uku, thukuta kamukamu, mpaka kugwira chitseko cha galimoto. Inanyamuka. Maluwa anatsala m'dzanja lake.

Ndiye anandiona. Ndinamukwezera kapu. Mulungu andikhululukire, khofi wokoma chonchi sindinamwepo.

Masana Zlatka anandipeza pamsika, n'kundidutsa ngati mtengo. Chabwino.

Cha m'ma folo Nevena anaimba. "Tamuonetsa, amayi Tsvetana. Womasulira uja wauza mphwanga kuti mayiyo akukayang'ana ku Romania, kuno sabweranso." Kenako anafunsa, "Ndiye mawa tikalowe kuti?"

Ndinati ndimuimbiranso.

Sindinaimbe. Azimayi ena asanu ndi mmodzi ayesa kale kundiimbira. Foni ndaivundikira ndi pilo.