Nyama ya nkhumba yandikana mu uvuni wa ana anga

Aphungu,

Ine sukulu sindinapite nayo patali, choncho akundilembera kalatayi ndi mnzanga woyandikana naye nyumba. Ndamuuza kuti alembe momwe ndikunenera, asakometsere.

Ndili ndi ana anayi, ndipo ndikufuna muwadziwe kaye. Woyamba ndi Masaya, amamanga milatho, ndipo magalimoto akuluakulu amadutsapo osaopa. Wachiwiri ndi Kambalame, namwino wamkulu kuchipinda cha amayi oyembekezera. Wachitatu tinamutcha Chiphwanya chifukwa anatimalizira makapu ali mwana. Lero ali ndi galaja yakeyake, zophwanyika za ena akukonza ndi iye. Mzime wanga ndi mphunzitsi wa masamu, ndipo ndi amene amakhala pafupi nane, iye ndi mkazi wake. Onsewa anakula ndi chakudya cha m'manja mwangamu.

Bambo awo ali moyo, banja likakumana sipankalephera nyama ya nkhumba yowotcha. Ntchito tinkagawana. Ine ndinkainyika mu adyo, jinja, mandimu, mchere ndi uchi pang'ono, n'kuigoneka. Iwo ankaiwotcha pamakala kuseri kwa nyumba, akukupiza moto ndi chivundikiro cha poto, uku akudzitama ngati nkhumbayo aipha okha kutchire. Anatisiya chaka chatha. Ana ataona kuti utsi ukunditsokomoletsa, anandigulira uvuni wamagetsi wa chitseko chagalasi.

Aphungu, chinthu chimenechi chandichititsa manyazi. Ulendo woyamba ndinapotokola kabatani mpaka kumapeto, poti nyama imafuna moto. Inatuluka kunja yakuda bii, mkati yofiira. Galu wa mnzanga akulembayu anainunkhiza n'kundiyang'ana. Ulendo wachiwiri ndinachepetsa moto, ndinakokera mpando pafupi, ndipo ndinkatsegula pafupipafupi kuti ndiione, ndiitembenuze, ndiibaye ndi foloko. Ine chinthu chophika chobisala sindichikhulupirira. Inatenga tsiku lonse, ndipo inauma ngati chidendene cha nsapato.

Mpongozi wanga, mkazi wa mzime uja, anandipeza ndikuicheka. Anati, "Amayi, ndikusonyezeni momwe ndimachitira kwathu?" Ine ndinati, "Mwana iwe, ndinayamba kuphika usanamere mano." Anaseka, koma chiyambire pamenepo sanalowenso kukhitchini kwanga.

Tsopano Kambalame waimba foni. Akuti, "Amayi, chaka chino inu mukhale pampando, tikutumikireni. Nyama tikagula yowotchawotcha." Ndikudziwa kuti akunena mwachikondi. Koma ine ndawaona anzanga amene anakhazikidwa pampando umenewo. Amawapatsa mbale pamiyendo, amawafunsa za mawondo, kenaka nkhani zonse zimasamukira kukhitchini iwo n'kutsala ndi wailesi. Mpando wa bambo awo uli kale wopanda munthu. Wanga ndisaukhale msanga.

Ndithandizeni kuti nyama imeneyi ituluke yofewa ngati kale, ana adye za mayi awo. Onse anayi, ndi mabanja awo, akubwera Loweruka pa 20 Disembala.

E. N. M., mayi wa ana anayi

Amayi,

Manja anu alibe mlandu. Kunyika mumakudziwa kuposa ine, ndipo zokometsera mwatchulazo musasinthe. Chimene chakusowani ndi ntchito imene ankagwira malemu amuna anu, yoyang'anira moto. Moto wa mu uvuni uli ndi khalidwe lina: umagwira ntchito chitseko chili chotseka. Mukatsegula, kutentha kumathawira kumaso kwanu, nyama n'kuyambiranso ulendo. Mukaibaya ndi foloko, madzi ake amatayika. Ndiye chidendene chija.

Chitani chonchi. Sankhani nyama ya paphewa yokhala ndi mafuta pang'ono, chifukwa yopanda mafuta siichedwa kuuma. Inyikeni monga mwa nthawi zonse, koma uchi muusunge kaye padera, ndi umene unakudetserani nyama ulendo woyamba. Ivundikireni, igone mufiriji, osati patebulo. Kukacha muitulutse ikhale kanthawi kuti kuzizira kuchepe. Yatsani uvuni usanalowe chilichonse, kabatani kakhale pa 180, ndipo muudikire utenthe. Pemphani mzime wanu aike kadontho ka penti pa nambala imeneyo, masamu ake agwire ntchito pakhomo.

Ikani nyama m'thireyi, thirani madzi pang'ono pansi pake, kutirani ndi pepala lonyezimira lija lokutira zakudya, tsekani chitseko. Kilogalamu iliyonse muipatse ola limodzi kapena kupitirirako pang'ono. Mpando uja muubweze pabalaza. Mtima ukakana, suzumirani pagalasi, analiikira zomwezo. Chakumapeto chotsani pepalalo, pakani uchi, ibwerere kanthawi kochepa mpaka itafiirira bwino. Pamenepo ndiye muibaye kamodzi kokha, pamene pali ponenepa kwambiri. Madzi akatuluka oyera, yapsa. Akatuluka ofiirira ngati magazi, ibwerere. Mukaitulutsa musaithamangire ndi mpeni, ipume kaye itavundikiridwa kuti madzi akhazikike mkati.

Tsopano ndikuuzeni chimene simunandifunse. Mwanena nokha kuti nyama imeneyi sinawotchedwepo ndi munthu mmodzi. Munali awiri. Mukufuna kusenza nokha ntchito ya anthu awiri, pamene munthu amene anadzipereka munamubweza ndi nkhani ya mano. Muitaneni mpongozi wanuyo. Simukufunika kugwada, ingomuuzani kuti, "Bwera, ine ndinyika, iwe uyang'anire moto." Iye aphunzira muyeso wa adyo ndi mandimu umene uli m'manja mwanu mokha, inu muphunzira uvuni. Mayi amene ali ndi chophunzitsa sakhazikidwa pampando.

Yeserani limodzi kanyama kochepa tsikulo lisanafike. Kakatuluka bwino, muimbireni Kambalame, mpongozi wanu achitire umboni ali ndi nyama mkamwa. Namwino sakana umboni.

Chenjerani ndi zinthu ziwiri. Nyama ya nkhumba yosapsa imadwalitsa, ndipo madzi amene munanyikamo nyama yaiwisi musawathire pa yakupsa pokhapokha mutawawiritsa. Thireyi yotentha, yodzaza mafuta, musaitulutse nokha. Pamenepo lolani manja achinyamata.

Tsono uzani Masaya, Kambalame, Chiphwanya ndi mzime kuti Loweruka pa 20 Disembala abwere ndi njala. Chiphwanya yekhayo mumupatse mbale yachitsulo. Mpeni wochekera ugwidwe ndi inu.

Aphungu