Khasu Lanu, Mpando Wanga

Amayi,

Kodi kumene muliko mwadzuka bwanji? Msana uja unaleka kukuvutani? Ndimafuna kukhulupirira kuti unatsala kuno pamodzi ndi nsapato zanu za pulasitiki. Ine Lusiya wanu ndili moyo kuno ku Cuamba, ndikudya, ndikunenepa malo osayenera monga achitira anthu okhalira mpando. Dzuwa likuswa mtengo, fumbi lili kobo m'misewu. Mitambo yayamba kusonkhana cha kumapiri, kenako n'kubalalika osagwetsa kanthu.

Ndiyambe ndi zabwino, poti munkati nkhani yoipa isamapeze munthu ali ndi njala. Mlamu wanu wamng'ono, ndikunena mkazi wa mlongo wanga Zakariya amene munkamuseka kuti ndi mlamu osati mpongozi, anachira mwana wamkazi. Amutcha Esinati, dzina lanu. Akakwinya nkhope pofuna bere, ndi inu ndithu mukuyang'ana munthu amene anabwereka lichero osabweza. Zakariyayo akadali pachikamwini ku Mandimba. Fodya wake anachita bwino chaka chino, kupatula chigafa chimodzi chimene chinagwa ndi mphepo, ndipo chimanga chiwafikitsa. Mbuzi yanu yamawanga inaswa mapasa, fisi n'kutengapo gawo lake. Amayi a kwaya akuimbabe nyimbo yanu ija, koma palibe amene akulimba mtima kuiyambira pamwamba pomwe munkaiyambira inu.

Tsono chimene chandigwiritsa kaneta, cholembera changachi, lero ndi munda wanu wa ku Itepela.

Tsiku logawa katundu wanu, akuluakulu anandipatsa khasu. Ena zitenje, ena mapoto, ine khasu, chifukwa mwana wamkazi ndi ine ndekha, ndipo kwathu munda umatsata mwana wamkazi. Ndinaona amayi ena akubisa kuseka m'zitenje. Sindinawakwiyire, nanenso ndikanaseka. Ndinalikulunga m'thumba n'kukwera nalo shapa, minibasi ya kwathu kuno, ndipo mpaka lero limakhala kuseri kwa chitseko m'nyumba yanga ya lendi, pafupi ndi ambulera. Mundawo wakhala ukungogona chichokereni inu, udzu ndi zitsamba zikudyerera.

Mwezi wathawu a malume Jowaki anandiitana. Sanakalipe, mukuwadziwa mlongo wanu, amalankhula ngati akupepesa pamene akukupha. Anati munda si chithunzi chopachika pakhoma. Anati Rozita, mwana wa mng'ono wanu, ali ndi ana ambiri koma kamunda kake n'kongokwana mphasa, choncho mvula yoyamba ikapeza munda wanu wopanda mizere, aupereka kwa iye. Ndinati ndilemba aganyu. Anapukusa mutu. Aganyu athandize, anatero, koma munda wa malemu umadzutsidwa ndi mwini wake watsopano, ndi khasu la malemu lomwelo, ndipo mwiniyo azioneka m'menemo mpaka kukolola, osati kulima pa foni.

Nditamuuza Zakariya, m'malo mondimvera chisoni anandiseka mpaka kutsokomola. "Iwe achemwali ungatope ndi chiyani, mpando? Tsiku lonse uli pamthunzi, mphepo ikuchokera kudenga." Ndinamuuza kuti abwere adzakhalepo tsiku limodzi pampandopo aone ngati sathawa asanadye nkhomaliro. Tinakangana ngati ana, Amayi, za amene amagwira ntchito yowawa kuposa mnzake, mpaka mkazi wake anatichotsera khanda pakati. Kenako ananena chimene chakhala pamtima pake kuyambira kale, chakuti iye munamupatsa khasu, ine munandipatsa sukulu, ndiye lero munda ukugwera amene sanaukhetsere thukuta. Ndipo sananame.

Koma Zakariya anali kumsana kwanu pamene tinkabwera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, bambo titawasiya m'manda a kumeneko. Iye sakumbuka. Ine ndimakumbuka. Tinapeza mudzi uli tchire lokhalokha, ndipo anthu ankanong'onezana za mabomba okwiriridwa m'nthaka. Ambiri ankayembekeza kuti wina ayambe. Inu simunayembekeze, poti njala sinkayembekeza. Munkandiimika pa chulu chija, kutali, Zakariya ali pamiyendo panga, n'kundiopseza kuti ndikangotsika mundithyolera kamtengo. Munkati, "Ngati m'nthakamu muli chinthu, chipeze ine." Ndiye munkatembenuka n'kuyamba kulima, ine n'kumamvetsera khasu likugunda. Likagunda ndipume, lisanagunde ndigwire mpweya. Mpaka lero sindidziwa phokoso lina limene linandiopsapo ndi kunditonthoza nthawi imodzi ngati limenelo.

Mantha a mabomba anatha, Zakariya anakula n'kulowa m'munda, koma ine simunandilolebe. Munkandipaka mafuta a nsatsi m'manja n'kumati manja awa ndi a kaneta. Anzanga akusoka fodya, phula litawadetsa zala, ine ndili pakhonde ndi buku ngati mwana wa mzungu. Fodya wa m'munda umenewo ndi amene anandibweretsa kusukulu kuno ku Cuamba, ndipo ndi amene anandikhazika pampando umene Zakariya akuuseka.

Ndiye ndinapempha masiku ochepa kuntchito, n'kupita kukadzutsa munda wanu. Musaseke kwambiri. M'mawa woyamba, ndisanagwire mpini, ndinapaka mafuta m'manja. Sindinaganize n'komwe, manja anangochita zimene munawaphunzitsa. Anthu onse a ku Itepela amalavulira m'manja kuti mpini ugwire, mwana wanu wophunzira anadzola. Mpini unayamba kuterera, ine kufinya mwamphamvu, iwo kuterera, ndipo dzuwa lisanafike pamutu matuza anali atatuluka n'kuphulika. Mpini wanu uli ndi timaenje pomwe zala zanu zinkagwira. Ndinayesa kuika zanga m'menemo koma sizinakwane, zanga n'zonenepa. Ndinamanga nsanza m'manja n'kupitiriza, chifukwa Rozita ankadutsa m'njira ndi ndowa pamutu, akundipatsa moni mwaulemu, ndipo ulemu wakewo unkandiwawa kuposa matuza.

Tsiku lachiwiri masana, anthu onse ataweruka, ndinatsala ndekha poti mizere yanga inali yochititsa manyazi. Kunali zii, ngakhale njiwa zinali chete. Ndipamene ndinamva khasu lina kumbuyo kwanga. Ndikagunda, nalo ligunde. Ndikaima, ilo ligunde kamodzi kena, ngati munthu amene akumalizitsa pamene mnzake wasiya moperewera. Zakariya akuti ndi phokoso la khasu langa lomwe likubwerera kuchokera pa chulu. Mwina. Koma chulu sichibuula, Amayi. Ndinamva kubuula kuja kumene munkachita potukula khasu msana utayamba kukuvutani. Tsitsi linandiima. Sindinatembenuke. Sindikudziwa ngati ndinkaopa kukuonani kapena kupeza palibe munthu. Ndinangolima, misozi ikusakanikirana ndi thukuta, ndipo mizere ya masana amenewo ndi yokhayo imene inawongoka.

Masiku anga atatha ndinali nditalima kachigawo kongoyambira pa mtengo wa mango kufika pa chulu. Msana unali ngati wa munthu wina, wondibwereka mokakamiza. Mu shapa ndinalephera kutukula thumba langa lomwe. Choncho mukamuona Zakariya m'maloto mumuuze kuti pa za thupi wapambana: khasu limapha munthu pang'onopang'ono, ndipo linakuphani inu, ngakhale kuchipatala anatchula dzina lina la matenda.

Koma ntchito yanga munaiona tsiku limodzi lokha, ndipo tsikulo munaseka. Mukukumbuka? Munabwera ku ofesi kwathu kudzapangitsa bilyete, chiphaso chija chokhala ndi chithunzi, mutavala chitenje cha pa Khirisimasi, n'kumauza aliyense pamzere kuti wakhala apoyo ndi mwana wanga. Ndinakugwirani chala n'kuchiika pa galasi la makina ojambula zidindo za zala. Makina anakana. Tinayesa china, anakana. Zala zonse zinali zosalala ngati mwala wa kumtsinje. Inu munati khasu linadya zala zanu kalekale, makinawo akafunse ku Itepela. Anthu anaseka, inunso munaseka, ine ndinakuuzani kuti mudzabwerenso. Munadwala musanabwerenso.

Chimene simunaone n'chakuti amayi ngati inu amabwera tsiku ndi tsiku. Ena akwezedwa pa njinga kuchokera kutali, ena agona kwa abale kuti alawire pamzere. Amakhala pansi m'khonde, mipando ilipo, chifukwa amaopa kudetsa. Ntchito yanga ndi kugwira manja awo. Manja olimba, ong'ambika, onunkhira fodya ndi utsi, manja anu enieni. Ndimapukuta, ndimapaka timadzi, ndimakanikiza pa galasi, ndipo makina akakana, kapena magetsi akazima, pakamwa panga ndi pamene pamatuluka mawu oti mubwerenso mawa. Samakalipa. Akanamakalipa bwenzi zikupepuka. Amangoti zikomo mwanangu, n'kumanga chitenje. Ndikaweruka palibe chimene ndingaloze kuti ichi ndachita ine. Inu munkaima kumapeto kwa munda n'kuona mizere yanu, n'kukagona tulo ta munthu wotopa. Ine ndimatopa kutopa kopanda tulo, kumene sindingamuonetse Zakariya chifukwa kulibe matuza.

Nditabwerera kuchokera kumunda, makina a pakhomo amene timadindapo chala polowa ntchito anandikana inenso, chifukwa cha zilonda. Anzanga anaseka kuti Lusiya wasanduka mlimi. Ndinaseka nawo, kenako ndinakadzitsekera kuchimbudzi kwa kanthawi. Ndipo kuyambira sabata imeneyo, Amayi, mwanditsatira. Masana magetsi akazima, ofesi ikangoti zii, ndimamva khasu kumbuyo kwa mpando wanga, pomwe pali khoma ndi kabati basi. Limagunda mofatsa, mosathamanga, ngati mmene munkachitira. Mnzanga wa tebulo loyandikana akuti samva kanthu. Sindinauze abusa, sindinauze sing'anga, chifukwa onsewo angafune kukuthamangitsani.

Ndinapita kwa shefi, bwana wathu wa kuntchito, kukapempha masiku ena, kuti ndizipita kumunda nthawi yobzala ndi yopalira. Si munthu woipa. Anandionetsa khamu limene linali pakhonde, n'kunena kuti nyengo ino sangandimasule, ndipo ngati mtima wanga uli kumunda ndinene poyera, achinyamata ofuna mpandowo ali mbwee. Itepela si pafupi poti munthu n'kumapita Loweruka n'kubwera Lamlungu chaka chonse, makamaka mvula ikaononga msewu. Ndayesa kuzungulira nkhaniyi mbali zonse, ndapeza kuti mapanga awiri avumbwitsa. Ndiyenera kutaya chimodzi, munda kapena mpando, ndipo zonse ziwiri ndi thukuta lanu.

Ndakufunsani kambiri mumtima kuti kugunda kumeneku kukutanthauza chiyani. Mukundiitana kuti ndibwerere? Kapena mukungogwira ntchito yanu monga kale, ine nditakhala pamthunzi pomwe munandiika? Simuyankha. Muli moyo munkayankha musanafunsidwe, lero mwasanduka munthu wa mawu ochepa.

Ndiye ndasankha ndekha, ndipo ndikukuuzani musanamve kwa ena. Munda ndiupereka kwa Rozita. Loweruka likubwerali ndipita, ndikaitana a malume ndi Zakariya, ndipo ndikapereka khasu lanu m'manja mwake pamaso pawo, mvula isanandilande mundawo ngati munthu wolephera. Ana ake adya, ndipo nthaka imene munaitsegula ndi moyo wanu sikhalanso tchire. Ine ndikhala pampando. Mukanafuna kuti ndikhale mlimi simukanalima nokha zaka zonsezo msana ukulira. Ndikasiya ntchitoyi ndiye kuti munavutikira chabe, ndipo amayi a pakhonde aja adzagwiridwa manja ndi wina amene sanakuoneni inu.

Ndalemba zimenezi molimba mtima, koma mantha alipo. Sindikuopa kuti mukwiya. Mkwiyo wanu ndimaudziwa, sunkachedwa kuzizira. Chimene ndikuopa n'chakuti khasu likachoka kuseri kwa chitseko changa, inunso mupita nalo. Mukakhala kumbuyo kwa Rozita, kumene kuli ntchito imene mumaidziwa, ndipo kuno magetsi akadzazima ndidzangomva zii ngati wina aliyense. Ndinakuikani m'manda kamodzi, ndipo Lowerukali ndikukakuperekezani kachiwiri ndi manja anga omwe.

Ndikulonjeza kuti ndikapereka ndi manja awiri, ndipo sindikalira pamaso pa Rozita, kuti asadzimve ngati wakuba m'munda wa amayi ake aakulu. Muthandizeni monga munandithandizira ine, ndi mwana wanu nayenso. Koma akaweruka masana, inu musatsale m'mundamo nokha. Cuamba si patali kwa munthu amene sakweranso shapa. Bwerani ngakhale opanda khasu, mudzangobuula kamodzi kumbuyo kwanga, ndidzadziwa.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Lusiya