Tinakuikani M'manda, Achimwene

Ludbrook,
Lachitatu la Phulusa, 1079

Okondedwa achimwene Ordric,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino kumeneko ku Denmark. Ife kuno tilipo, monga mmene anthu otopa amakhalirapo. Uthenga wanu unandipeza. Wamalonda a nsomba za mikunga uja anandikokera kuseri kwa tchalitchi n'kundinong'oneza kuti anakuonani padoko, mwanenepa, ndevu zayamba imvi, ndipo mukuti Pasaka akangopita mukwera chombo kubwerera kwanu. Ndinamutseka pakamwa ndi dzanja langali, mwamuna wa eni ake. Anadabwa, poti ankayembekezera nthungululu. Ndi yemweyo akubweretsereni kalatayi. Zilembozi ndi zija ndinaphunzira kwa masisitere nthawi imene tinkabisala pothawa asilikali, ndiye mukhululuke kupindika kwake.

Zakuno ndi zomwe munazisiya, kungoti zakula. Linga la Afalansa lija linali la mitengo akulimanganso ndi miyala, ndipo onyamula miyalayo ndife. Munda wa bambo tikulimabe, koma tirigu wake amakwera kulinga, ife n'kutsala ndi balere ndi nyemba. Mukumukumbukira Sperling, uja ankathawa atsekwe ali mwana? Ndiye kapitawo wa bwana Drogo, mwini lingalo, masiku ano. Waphunzira mawu a Chifalansa osadzaza m'dzanja, ndipo amawatulutsa ngakhale pokalipira nkhumba. Sindimuda ayi. Kudana ndi munthu kumafuna mphamvu, ndipo zanga zinathera kumiyala.

Ndazungulira mokwanira. Achimwene, musabwere. Kuno munamwalira, ndipo tinakuikani m'manda Khirisimasi isanafike.

Mwina kumeneko simunamve za lamulo lomwe linabwera inu mutachoka. Afalansa anatopa ndi kupeza anzawo atafa m'ngalande ndi m'nkhalango. Ndiye analamula kuti mtembo uliwonse wopezeka patchire ndi wa Mfalansa, pokhapokha abale ake abwere adzalumbire kuti ndi Mngelezi. Akakhala Mfalansa, womupha n'kusapezeka, mudzi wonse ulipira, ndi midzi yozungulira yomwe. Akakhala Mngelezi palibe mlandu, mungomukwirira basi. Nkhuyu zodya ana zimapota akulu. Ku Fenstow chaka chatha anawalanda ng'ombe zolimira zonse pa mlandu woterewu, ndipo anthu akumeneko ndi amene akupempha mkate pakhomo pathu panopa.

Ndiye chisanu chitangoyamba, woweta nkhumba anapeza munthu m'ngalande ya kuseri kwa chigayo. Anali atagonamo masiku, nkhope yosazindikirikanso, kumapazi kulibe nsapato. Koma kunkhongo anali wometa mpaka pamwamba pa makutu, monga amametera Afalansa. Amene anamupha sindikumudziwa ndipo sindinafunse. Ndangoona kuti pali wina m'mudzi muno amene mapazi ake sakuziziranso chaka chino.

M'mawa womwewo Sperling anafika pakhomo pathu chipewa chili m'manja, zomwe sanachitepo chikhalireni ukapitawo. Amayi anali kumsewu, pachipika chawo chija. M'nyumba munali ine ndi akazi anu Estrild, akupota ubweya.

"Leofrun, mlongo wanga," anayamba choncho, ndipo ndinadziwiratu kuti kulibe chabwino. "Pamudzi pano nyumba ya mwamuna wosowa ndi yanu yokha. Ena onse tinawaona akufa."

"Ndiye?"

"Ndiye Ordric wabwera."

"Wabwera kuti?"

"Ali kuchigayo. Wagona."

"Iwe Sperling, mowa wam'mawa si wabwino. Ukufuna ndiphe mchimwene wanga ndi pakamwa?"

"Pakamwa sipatulutsa magazi, mayi. Ng'ombe zikapita ana ako adzadya chiyani? Adzadya dzina la amalume awo? Bambo awo anatsalira kunkhondo ya ku Hastings, ukuganiza pulawo adzakoka ndani, iweyo?"

Ndinamutukwana, ndipo zina mwa zomwe ndinanena sizolemba pa tsiku la phulusa. Iye anangoima n'kumazunguza chipewa. Amene anamaliza nkhani ndi Estrild. Sanasiye n'kupota komwe. Anati, "Mpatseni malaya aja, alamu, njenjete zikungowadya m'bokosi. Zaka zonsezi ndakhala wamasiye wopanda manda. Bola manda akhalepo." Ndinatsegula bokosi ndekha n'kutulutsa malaya anu obiriwira, aja munavala paukwati.

Tsopano ndafika pomwe cholembera chikulemera. Lumbiro lotere limafuna m'bale wa kuchimuna ndi wa kuchikazi, ndipo mayi wa munthu akakhala moyo, nthumwi ya boma imafuna kumuona ndi maso. Nthumwi imeneyo si mwana. Yaona misozi yabodza yambiri m'midzi muno, ndipo kwina inapatula mboni n'kuzifunsa payekhapayekha mpaka bodza linaphulika, amuna awiri n'kupachikidwa. Amayi mukuwadziwa. Maso anachita khungu, amangoona zithunzithunzi, koma pakamwa pawo sipagona mawu. Chinsinsi mukawauza m'mawa, pofika masana chafika kuchitsime. Ndiye sitinawauze kuti ndi bodza. Amene anaganiza zimenezo ndine. Musamuimbe mlandu Estrild, kapena Sperling, kapena ansembe Alwold.

Ndinawapeza pachipika chija. Chichokereni inu akhala akutandala pamenepo tsiku ndi tsiku, kufunsa aliyense wodutsa ngati waona mwana wawo, ngakhale asilikali a Chifalansa amene samva n'kamodzi komwe.

"Amayi, tiyeni kuchigayo."

"Wabwera?"

"Wabwera, amayi."

"Nanga ukunena ngati wameza fupa bwanji?"

Ndinawatambasulira dzanja. Anadzuka okha, ndodo n'kuiiwala pansi. Njira yonse anatsogola ndi iwo.

Mtembo anasambitsa okha. Anakana kuti wina aliyense augwire. Ine ndinaima pakhomo mtima uli m'mwamba, poti ndinkati manja a mayi sanamizika, agwira chala chimodzi n'kudziwa. Koma madzi anali atatupitsa zonse, ndipo zaka zapitapo zambiri. Anapapasa malaya, anazindikira msoko wawo wa pakhosi, n'kuyamba kulira. Achimwene, ndamvapo maliro ambiri m'dziko lino chibwerereni anthu awa, koma kulira kumeneko sindikufuna kudzakumvanso. Ndinatuluka panja n'kukaima kuseri kwa chigayo.

Nthumwi inafika tsiku lotsatira, ndi womasulira wake ndi asilikali. Inazungulira mtembo mphuno itatseka ndi nsalu, n'kutembenuza mutu ndi nsonga ya ndodo. Inafunsa kuti Mngelezi wameta bwanji ngati Mfalansa. Funso limenelo ndi lomwe tinkaliopa. Sperling anatuluka thukuta m'chisanu chonse chija. Ansembe ankayang'ana kudenga ngati yankho lalembedwa paudzu. Anayankha ndi amayi.

"Akufunsa ine? Mumufunse iyeyo. Munda anatenga, nkhalango anatenga, amuna athu anatenga. Tsitsi la mwana wanga akanalisiya? Am'meta ngati nkhosa, tsitsi lomwe ndinkalipesa ine."

Womasulira ananena mawu ochepa kuposa amenewo, Mulungu amudalitse. Nthumwi inawayang'ana amayi nthawi yaitali, iwo atagwira mutu wa munthu uja pachifuwa. Kenaka inagwedeza dzanja n'kunena kuti ndi Mngelezi. Tinaika manja pa Buku Loyera, ine, Estrild, Sperling, ansembe ndi amayi, n'kulumbira kuti ameneyu ndi Ordric mwana wa Wigmund wa ku Ludbrook. Mwa tonsefe, amene analumbira ndi mtima woona ndi amayi okha. Tinakuikani pafupi ndi bambo, kumbali yomwe kumawomba dzuwa.

Ng'ombe zatsala. Sabata ino zayamba kulima, ndipo ndikamva mluzu wa olima sindidziwa ngati ndikondwe kapena ndilire. Anthu amatithokoza chapansipansi. Wina amasiya mazira pakhomo, wina nkhuni, osanena kanthu. Koma walira mvula walira matope. Tinaiwala kuti wamasiye ndi wa bwana, amamupereka kwa amene wafuna. Pasaka akapita, Estrild akwatiwa ndi Rainald, wosamalira akavalo kulinga. Ansembe sangakane, poti kukana n'kufukula manda aja. Rainald si munthu wankhanza monga ndikuonera. Akavalo ake alibe zipsera, ndipo amayesetsa kupereka moni m'chilankhulo chathu ngakhale ana amamuseka. Ndikukuuzani izi kuti musazimvere kwa anthu apadoko.

Ndiye taganizani mutatsika chombo n'kutulukira pamsewu wathu. Munthu mmodzi wokuzindikirani pamsika ndi wokwanira. Tonse amene tinagwira Buku tipachikidwa, ng'ombe zipita, ndipo adzafuna kudziwa amene wagona pafupi ndi bambo. Inunso dzina lanu silinafufutike pa mlandu wa nkhondo ya kumadambo ija munamenyana ndi Afalansa. Ndikukudziwani, mukawerenga apa muyamba kuyendayenda m'nyumba n'kumati mubwera mobisa, mudzangowaona amayi kamodzi n'kubwerera. Musayese. Amayi akangomva mawu anu adzaimba mudzi wonse umve.

Ndakwiya nanu, achimwene, ndipo ndinene poyera. Zaka zonsezi munali chete ngati mwala. Wamalonda a mikunga sanayambe chaka chino kuwoloka nyanja. Mukanatuma mawu amodzi okha chisanu chisanayambe, akuti ndili moyo, ndibwera, mwina bokosi lija sindikanalitsegula. Ndikuti mwina, chifukwa ana anga akanafunabe kudya, ndipo sindikufuna kudzinamiza. Ife tinatsala kuno tikunyamula miyala, inu n'kumanenepa. Komabe tsiku lomwe ndinamva kuti muli moyo ndinakhala pansi kuseri kwa tchalitchi n'kuseka ndekha ngati wamisala. Ndakusowani kwambiri. Madzi akatayika saoleka, ndiye ndingolekera pomwepa.

Za amayi ndikuuzeni zoona, ngakhale sizikoma kumva. Ali bwino kuposa kale. Pachipika paja anasiya kukhalapo. Akudya, akugona, ndipo tsiku lina ndinawamva akung'ung'uza nyimbo akusenda nyemba. M'mawa uliwonse amapita kumanda, amazula udzu, amakuuzani nkhani za m'mudzi, amakukalipiraninso chifukwa choyenda opanda nsapato m'chisanu. Pobwerera tsiku lina anandigwira mkono n'kunena kuti, "Waona, Leofrun? Iwe unkati watiiwala. Anali kubwera kwa ine. Anangotsala pang'ono, pachigayo pomwepa." Ndinati inde, amayi.

Uthenga wanu utafika ndinayesa kuwauza. Ndinakhala nawo pansi, ndinawagwira manja, ndinatsegula pakamwa. Anandifunsa ngati ndikudwala. Ndinati ndi mutu chabe, iwo n'kundiphikira masamba owawa aja, ndipo ndinamwa onse. Sindidzayesanso. Akula, chifuwa chikuwavuta, ndipo adzapita osadziwa. Tchimo limenelo ndi langa, ndipo ansembe sangandimasule poti nawonso ali momwemo.

Zopempha zanga ndi izi. Tengani dzina lina kumeneko, la Chidenishi, loti munthu wa kuno akalimva asatembenuke. Ngati pali mkazi amene amakuphikirani, ndipo kunenepako kukundiuza kuti alipo, mukwatireni, Mulungu aweruza yekha za maukwati awiriwa. Musatume uthenga kwa wina aliyense kupatula wamikungayu, ndipo nayenso azindiuza ine ndekha. Komanso muzimupempherera munthu amene wavala malaya anu. Dzina lake sitikulidziwa, misa zomwe tikupereka zili m'dzina lanu, ndiye kaya kumwambako azigawa bwanji. Mwina naye ali ndi wina kutsidya kwa nyanja amene akufunsa odutsa.

Pothera pa kalata munthu amayenera kundandalika moni wa anthu onse, koma ine ndilibe wambiri woti ndipereke. Ana anga sakudziwa kuti ndikulemba. Iwo amalume awo anawaponyera dothi, ndipo wamng'ono uja amanyadira kwa anzake kuti munafa mukubwerera kwanu. Ansembe andipatsa chikopa cholembapochi osafunsa kuti n'cha chiyani, ndiye muwerenge kumeneko ngati moni wawo. Estrild yekha ndi amene ndinamuuza. Ndinamufunsa ngati ali ndi mawu oti ndiike m'kalatamu. Anapota ubweya mpaka ndinaganiza kuti sanamve, kenaka anati, "Muwauze kuti ndinadikira." Ndinadikira ena, koma sanawonjezere.

Amayi sakupereka moni m'kalata muno. Wawo amakakupatsani okha m'mawa uliwonse, ndipo panopa akundiitana panja kuti ndiwaperekeze, poti njira ya kumanda ikuterera lero.

Khalani ndi moyo, achimwene, koma mukhale nawo komweko.

Ndine mlongo wanu,
Leofrun